SIENTA IKAKANA KULIRA: MADANDAULO A ENI ACE PA ZA MAGETSI

Caka ndi caka, fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, ndiponso soya ndi mtedza zikapita ku msika, pamakhala alimi ena a ku Bowe, ku Madisi, ku Mponela ndi ku mapiri a Ntchisi amene amati, "Caka cino ndigula galimoto." Kawirikawiri galimoto imene amabwera nayo ndi Toyota Sienta, yaifupi ija ya zitseko zokoka. Imanyamula anthu a matola, matumba a feteleza, ndi odwala opita ku cipatala usiku. Ndi galimoto yothandiza ndithu.

Koma pofika mwezi wa January kapena February, mvula iri pakati, mumapeza ina itaima pansi pa mtengo wa mango, nkhuku ziri kubisala kunsi kwace. Mukafunsa mwini wace, amayankha mwacisoni kuti, "Ndi magetsi." Ena amafika poganiza kuti pali munthu wanjiru amene waimanga.

Inu alimi amene muli nayo galimoto imeneyi, ndi inu amene muli kuganiza zoigula, mverani. Magetsi a galimoto si matsenga ai. Ali ndi njira yace monga madzi a mu ngalande, ndipo matenda ace ambiri amayamba pa tinthu tating'ono timene munthu angathe kutiona ndi maso. Amene adziwa njira imeneyi sataya ndalama za fodya pa zipangizo zosafunika.

INACOKERA KUTI?

Sienta ya mtundu woyamba anayamba kuipanga ku Japan m'caka ca 2003, ndipo yomaliza ya mtundu umenewu inatuluka mu 2015. Werengani nokha zaka zace. Ngakhale iri kunyezimira ngati yatsopano, mawaya ace ndi okalamba.

Ku Japan kuli lamulo lakuti galimoto iyesedwe ikatha zaka 3, ndipo pambuyo pace zaka 2 ziri zonse. Kuyesa kumeneku kumadya ndalama, cotero anthu ambiri amagulitsa galimoto zao zikayamba kukula. Zambiri zobwera kuno zimakwera sitima ya pamadzi kufika ku Dar es Salaam, nizilowa m'dziko muno pa Songwe, nizitsika ndi mseu wa M1. Anaipangira banja loyenda pa tala, ndipo ili ndi mipando ya anthu 7. Kwathu kuno imakumana ndi fumbi la October, matope a February, mabampu, ndi katundu woposa msinkhu wace. Fumbi limalowa m'zolumikizira mawaya, cinyezi cimabweretsa dzimbiri, ndipo kugwedezeka kumamasula zomangira. Paja akuruakuru anati walira mvula walira matope.

SIKANKHIDWA MONGA ZAKALE ZIJA

Agogo anu akumbukira Land Rover za Boma ndi za ku mishoni. Land Rover yoyamba inatuluka ku England mu 1948, ndipo zipangizo zace za magetsi zinali za kampani ya Lucas ya ku Birmingham. Nazonso zinali ndi madandaulo ace, kotero kuti oyendetsa a kumeneko anapatsa Lucas dzina lacipongwe lotanthauza "kalonga wa mdima." Koma batire likafooka, woyendetsa ankapukusa handulo kutsogolo, kapena anyamata ankaikankha potsetsereka, injini nkulira.

Sienta siri tero. Magiya ace ndi osintha okha, cotero ngakhale muitane anyamata a mudzi wonse kuti aikankhe, silira. Pampu yace ya petulo iyenda ndi magetsi. Cokupizira mphepo coziziritsa injini ciyenda ndi magetsi. Ndipo muli kompyuta imene imayesa petulo wolowa m'injini ndi kulamula nthawi yoyatsa moto. Magetsi akasowa, zonsezi zimaima pamodzi.

NJIRA YA MAGETSI

Batire liri ngati nkhokwe. Limasunga magetsi, koma silipanga. Cimene cimapanga magetsi ndi makina ochedwa alternator, amene amazunguzidwa ndi lamba wocokera ku injini. Amenewa ali ngati munda wodzaza nkhokwe. Munda ukaleka kubala, nkhokwe imatha, ngakhale ikhale yatsopano.

Magetsi amaturuka pa mutu wa batire wa cizindikiro ca +, napita m'mawaya, nadutsa pa mafyuzi, nafika ku nyali, ku sitata kapena ku hutala. Akagwira nchito amabwerera ku batire kudzera m'citsulo ca thupi la galimoto, nalowa pa mutu wa cizindikiro ca –. Njira yobwerera imeneyi amakanika amaicha ethi. Anthu ambiri amaiiwala, koma ikacita dzimbiri galimoto yonse imadwala.

Pali kamakina koyezera magetsi kamene makanika weniweni sasowa nako. Sungani manambala awa. Batire lodzala, injini itazima, limaonetsa mavolti 12.6. Likatsika kufika pa 12.0, latsala pang'ono kutha. Injini ikamalira, payenera kuoneka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Pakaoneka pansi pa 13, alternator siri kudzaza batire. Pakapitirira 15, iri kuliwotcha.

Tsopano tiyeni timve madandaulo amene amamveka kawirikawiri, tione gwero la liri lonse.

"M'MAWA IKANA KULIRA"

Mwini amapotoza kiyi, namva kuti kha-kha-kha, nyali za pa dashibodi nkuzirala. Msanga amaganiza kuti batire lafa kapena sitata yapsa. Musanagule kanthu, tsegulani boneti muyang'ane mitu iwiri ya batire. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira, kapena mutu ukagwedera pougwira ndi dzanja, mwina bvuto lanu ndi lomwelo.

Mankhwala ace ali m'nyumba mwanu momwe. Tengani soda amene amai amathira m'therere, mumsungunule m'madzi ofunda. Masulani mutu wa – poyamba, wa + pambuyo. Tsukani mitu ndi zomangira zace, koma madziwo asalowe m'kati mwa batire. Palani mpaka citsulo ciwale, pukutani, ndipo pomanga yambani ndi wa +, wa – ukhale womaliza. Mangani ndi sipanala, pakani mafuta a Vaseline pamwamba. Musakhomerepo msomali kapena kugogoda ndi mwala, cifukwa mutu wa batire ndi wa mtovu wofewa, umang'aluka.

Mukatero tsatani waya wonenepa wocokera pa mutu wa –, muone pamene wamangidwa pa thupi la galimoto ndi pa injini. Pakhale poyera ndi pothina. Zonsezi zikakhala bwino koma galimoto nkukanabe, pamenepo ndi poyenera kuyesa batire ndi sitata.

"NDAGULA BATIRE LATSOPANO, KOMA LATHA PA SABATA IMODZI"

Ili ndi dandaulo lowawa, pakuti batire liri ndi mtengo. Mwini amakwiyira wa sitolo, koma nthawi zambiri batire liribe mlandu. Pali zifukwa ziwiri: kapena munda suli kubala, kapena m'nkhokwe muli mbala.

Yambani ndi lamba. Akakhala wong'aluka, wonyezimira, kapena akamalira kuti tswii poyatsa injini, ndiye kuti ali kuterereka. M'kati mwa alternator mulinso timakala tiwiri timene timatha ndi kuyenda. Makanika wodziwa angasinthe timakalato osataya makina onse.

Pa dashibodi pali nyali yofiira ya cithunzi ca batire. Ikayaka muli pa ulendo, imani pamalo abwino muyang'ane lamba. Pa injini ya Sienta lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya madzi. Akaduka inu nkupitirira, injini imatentha ndi kupsa, ndipo bvuto la lamba limasanduka la injini yathunthu.

Mbala ya m'nkhokwe ndi cinthu cimene cimadya magetsi galimoto itazima. Nayi imodzi imene ambiri saidziwa. Wailesi zakale za m'galimoto za ku Japan zimagwira kuyambira pa 76 kulekeza pa 90, pamene nyumba zoulutsira mau za kuno ziri pakati pa 87.5 ndi 108. Cifukwa ca ici anthu amaikitsa kabokosi koonjezera, kapena wailesi ina ya masipika akuruakuru. Woikayo akakhala wosadziwa, amadula mawaya, napota ndi manja, nakulunga ndi pepala la shuga, mwinanso nalumikiza pa waya wokhala ndi moto usana ndi usiku. Onjezanipo mafoni a mudzi wonse ochajidwa m'galimoto injini itazima, ndi kanyali ka m'kati koyaka usiku wonse cifukwa citseko sicinatsekeke bwino. M'mawa nkhokwe iri mbee.

"INJINI IRI KUNJENJEMERA, ILIBE MPHAMVU PA CITUNDA"

Amene amayenda m'zitunda za Dowa ndi Ntchisi amalidziwa dandaulo ili. Galimoto imatsokomola, imadya petulo wambiri, ndipo nyali yacikasu ya cithunzi ca injini imayaka.

Injini ya Sienta iri ndi mapulagi 4, ndipo pulagi iri yonse iri ndi koyilo yaceyace pamwamba, imene imapereka moto. Koyilo imodzi ikafa, injini imayenda ndi miyendo itatu. Palibe cifukwa cogulira zinai zonse musanadziwe yakufayo. Makanika angaipeze poisinthanitsa malo ndi inzace, naona ngati matenda asamuka nayo. Kawirikawiri cimene cimapha makoyilo ndi mapulagi okalamba, ndi madzi. Inu amene mumatsukira galimoto ku dambo, musakhuthulire ndowa ya madzi pa injini. Madziwo amatsikira m'maenje a mapulagi, nakhala momwemo.

Nyali yacikasu ija ndi kompyuta imene iri kukuuzani kuti yaona colakwa. Pansi pa ciwongolero pali polumikizira makina owerenga zimene kompyuta yasunga. Amakanika ena a m'matauni ali nao makina amenewa. Kulipira kuti awerenge nkwabwino kuposa kugula zipangizo mongolota. Nyaliyo ikamaphethira, musakakamize ulendo.

Cinanso, pampu ya petulo iri m'kati mwa thanki, ndipo petulo yemweyo ndiye amaiziziritsa. Cizolowezi coyenda ndi malita awiri okha tsiku ndi tsiku, ndi kuthira petulo wa m'zigubu wokhala ndi zitsotso kapena madzi, cimaifupikitsa moyo.

"CITSEKO CAKANA, GALASI SILITSIKA"

Sienta zina ziri ndi citseko cokoka cotseguka ndi magetsi. M'kati mwace muli kamota ndi tizingwe ta citsulo. Njanji imene citseko cimayendamo ikadzala mcenga, kapena okwera akamacikoka mwamphamvu ciri kuyenda cokha, tizingwe timaduka. Sesani njanjiyo kawirikawiri. Pafupi ndi woyendetsa pali batani lozimitsira magetsi a citsekoco, kuti cizitseguka ndi manja. Ngati muli pa matola, ndi bwino kulizimitsa.

Magalasi a m'zitseko akakana, kawirikawiri fumbi lalowa m'mabatani, kapena waya waduka pamene umapindika potsegula citseko. Nthawi zina colakwa cimacokera ku fakitale. Mu October 2012 kampani ya Toyota inaitanitsa magalimoto oposa 7 miliyoni pa dziko lonse, monga Vitz ndi RAV4, kuti ikonze batani la magalasi limene likanatha kutentha. Cotero batani likayamba kulimba kapena kununkha, musalithire mafuta kapena kulikakamiza. Lionetseni kwa wodziwa.

"FYUZI INGOPSA"

Apa ndipo pali ngozi yoposa zonse. Fyuzi ndi kawaya kofooka kamene anakaika dala kuti kapse m'malo mwa galimoto. Waya wosupuka akakhudza citsulo, magetsi amathamanga mopitirira, kumene amakanika amati shoti. Fyuzi imaduka, moto nkuzima. Ndi mlonda amene amafera mwini nyumba.

Fyuzi iri yonse iri ndi nambala ndi mtundu wace: yofiira ndi 10, yabuluu 15, yacikasu 20, yobiriwira 30. Ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso, lekani. Pali waya wosupuka penapace, ndipo ayenera kupezeka. Koma anthu ena amaika ya nambala yaikuru, ena amapotapo waya wa mkuwa, ena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Potero acotsa mlonda pakhomo. Tsopano cimene cidzapsa ndi mtolo wa mawaya wa kuseri kwa dashibodi, ndipo pafupi pace pali mipando, pulasitiki ndi petulo. Ganizani galimoto yodzala anthu, ana ali kumbuyo kweni kweni, citseko ca magetsi citakana.

Kodi cimasupula mawaya nciani? Coyamba ndi makoswe. Galimoto imene inanyamula cimanga kapena mtedza, nigona pafupi ndi nkhokwe kapena m'cigafa, imaitana makoswe. Amakonda kufunda kwa injini, amamanga zisa, nacecheta mawaya. Sesani njere zonse, imikani galimoto poyera, ndipo muzitsegula boneti m'mawa. Caciwiri ndi nyali zoonjezera, zokongoletsa ndi mahutala amene amalumikizidwa popanda fyuzi.

Mukamva fungo la pulasitiki wopsa, imani pomwepo, zimitsani kiyi, tsitsani anthu onse apite patali. Ngati moto sunaoneke, masulani mutu wa – wa batire. Moto wa petulo suzimitsidwa ndi madzi. Thirani mcenga kapena dothi, ndipo koposa zonse khalani ndi cozimitsira moto m'galimoto.

ZIMENE SIMUYENERA KULOLA

Musalole munthu kucotsa mutu wa batire injini iri kulira, ati pofuna kuona ngati alternator iri bwino. Pa magalimoto akale ena ankatero, koma pa Sienta magetsi amalumpha naononga kompyuta.

Popempha moto kwa galimoto ina, funsani mavolti ace. Malole ambiri a dizilo ali ndi mabatire awiri opereka mavolti 24, ndipo Sienta ndi ya 12. Onetsetsaninso kuti + yapita ku +. Kusemphanitsa kamphindi kamodzi kokha kumapsereza fyuzi yaikuru, mwinanso alternator ndi kompyuta.

Wowotcherera zitsulo asayambe nchito pa galimoto mitu ya batire isanamasulidwe.

Musatenge batire la galimoto kukaonera kanema kapena kuyatsa nyali m'nyumba. Analipangira kupereka mphamvu yambiri kanthawi kocepa ndi kudzazidwanso msanga. Likatheratu kangapo, silibwereranso mwakale.

Ngati batire lanu ndi lotsegula pamwamba, thirani madzi a batire ogula m'botolo. Madzi a pa mjigo ndi a pa citsime ali ndi mcere umene umalipha. Musasute fodya kapena kuyatsa macesi pafupi nalo, pakuti limaturutsa mpweya wophulika, ndipo madzi a m'kati mwace amaocha khungu ndi maso.

Mawaya okutidwa ndi cikasu ndi a matumba a mpweya oteteza pa ngozi. Amenewo asakhudzidwe ndi munthu wamba.

MUSANAPEREKE NDALAMA

Safunsa anadya phula. Popita kukagula, tengani makanika wanu, osati wa wogulitsa. Pitani m'mawa, injini isanalire, pakuti galimoto yofunda imabisa matenda. Ikani dzanja pa boneti muone ngati anayamba aitenthetsa.

Potozani kiyi pang'ono osaliza injini. Nyali zocenjeza za pa dashibodi ziyenera kuyaka zonse: ya batire, ya oilo, ya injini, ndi ya matumba a mpweya. Injini ikalira ziyenera kuzima. Ngati ina siyaka konse, cenjerani. Pali ogulitsa ena amene amazimitsa dala nyali yonena zoona.

Yesani nyali zonse, maindiketa, hutala, mawaipa, magalasi ndi zitseko. Suzumirani pansi pa dashibodi ndi tochi. Mukaona mawaya opota ndi manja, kapena matope ouma ndi dzimbiri pansi pa mipando, dziwani kuti galimotoyo inaseweretsedwa kapena inamira m'madzi. Tsegulani mabokosi a mafyuzi muone ngati mulibe waya wa mkuwa. Makanika ayeze mavolti inu muli kuona.

Onani makalata a galimoto, ndi kuti manambala ace ali kugwirizana ndi a pa thupi lace. Kumbukirani kuti galimoto ya nyali zakufa silandira cikalata ca COF ku Road Traffic. Lemberanani kalata ya malonda pamaso pa mboni. Ngati wamalonda wakunyengani, pali lamulo loteteza ogula la caka ca 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo. Koma popanda lisiti kapena kalata, mlandu wanu udzakhala wobvuta.

Posankha makanika, funani wa magetsi amene anaphunzira nchito yace, monga a m'masukulu a luso oyang'aniridwa ndi TEVETA, kapena amene anzanu amcitira umboni. Cizindikiro ca wodziwa ndi ici: amayeza asanamasule. Amene afikira kudula mawaya ndi kukutumani kukagula ici ndi ico, ali kuphunzira nchito ndi ndalama zanu. Cimene wacotsa abweze m'manja mwanu.

MAU OTSIRIZA

Mlimi wanzeru akagula ng'ombe za ngolo samatha ndalama zonse, amasiyako za mankhwala ndi za dibi. Citani cimodzimodzi ndi galimoto. Patulani ndalama za batire, lamba ndi mapulagi nthawi ya kugulitsa mbeu, cifukwa mwezi wa February simudzazipeza. M'galimoto musasowe mafyuzi a padera, sipanala ya 10, tochi ndi tepi ya magetsi.

Mvula yoyamba isanagwe, patulani tsiku limodzi: tsukani mitu ya batire, mangani ethi, onani lamba, sesani njanji za zitseko, yesani nyali zonse. Ndi nchito ya m'mawa umodzi. Galimoto ya m'mudzi si ya mwini yekha ai. Tsiku lina pakati pa usiku adzagogoda pakhomo panu kuti mai wina matenda amuyamba, afunika kufika ku cipatala ca Madisi msanga. Usiku umenewo galimoto iyenera kulira pa kiyi woyamba.